Foni yasiya kulumikizana ndi wailesi ya m'galimoto itangolandira pulogalamu yatsopano

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha foni yanga inalandira pulogalamu yatsopano, ndipo kuyambira tsikulo ikukana kulumikizana ndi wailesi ya m'galimoto kudzera pa Bluetooth. Dzina la wailesiyo likuoneka ndithu, koma ndikalidina imayesa kwa kanthawi kenako n'kusiya. Zikundidetsa nkhawa chifukwa ndimayankha mafoni a makasitomala ndikuyendetsa, ndipo sindifuna kugwira foni m'manja.

Woyankha woyamba:
Bambo, foni ndi wailesi zikalumikizana koyamba zimasungirana nambala yachinsinsi, ndipo pulogalamu ikasintha nthawi zina nambala za mbali ziwirizi sizigwirizananso. Fufutani dzina la wailesi pa foni, mufufutenso dzina la foni pa wailesi, kenako muzimitse zonse ndi kuzilumikiza ngati zatsopano. Ambiri amafufuta mbali imodzi yokha, n'chifukwa chake vuto silitha.

Woyankha wachiwiri:
Ngati foniyo ndi ya Android ndipo wailesi ndi yakale, monga zimene zimabwera ndi magalimoto ochokera ku Japan, pitani mu Settings ya foni, pa About phone, ndipo dinani mawu akuti Build number ka 7 kuti mutsegule gawo lobisika lotchedwa Developer options, ndipo m'menemo musinthe AVRCP (njira ya Bluetooth imene wailesi imalamulira nayo nyimbo za pa foni) kukhala 1.4 kapena 1.3. Chonde musathamangire kuchotsa batire la galimoto, poti mawailesi ena amadzitseka n'kufuna nambala imene mwina mulibe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndafufuta mbali zonse ziwiri ndipo zatheka, ngakhale ndinavutika kupeza malo ake chifukwa wailesiyo imalemba m'Chijapani.