Kodi kupatulira mitengo pafupi ndi nyumba kumatetezadi ku moto wolusa?

Wofunsa: Wokhala M'phiri

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za nkhalango. Nyumba yathu ili pamalo otsetsereka m'mphepete mwa nkhalango ya paini, ndipo mitengo yake inathinana kwambiri moti nthambi zimakhudzana, pamene pansi pake padzaza timitengo tating'ono ndi masamba ouma amene akhala akuunjikana kwa zaka zambiri. Anzathu oyandikana nawo akufuna kuti tonse tipatulire mitengoyo nyengo yotentha isanafike, koma ine ndikukayika, chifukwa ndinamva kuti mitengo ikachepa, dzuwa ndi mphepo zimalowa mosavuta n'kuumitsa pansi, ndipo moto umathamanga kuposa kale. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati kupatulira kumathandizadi, tiyambe ndi mitengo iti, ndipo tikalekeze pati?

Yankho la Mlangizi Wopuma

Zimene munamvazo si zabodza, koma zikufotokoza mbali imodzi yokha ya nkhaniyi. Nkhalango yopatulira imaumadi msanga, ndipo moto woyenda pansi ukhoza kufulumira. Komabe moto umene umaopsa kwambiri ndi wokwera kunsonga za mitengo, chifukwa ukangofika kumeneko umalumpha kuchoka pamtengo wina kupita pa wina, malawi ake amatalika kuposa mitengoyo, ndipo ozimitsa moto sangauyandikire n'komwe. Moto umakwera podzera m'zitsamba, m'timitengo tating'ono ndi m'nthambi zam'munsi, zimene zimakhala ngati makwerero ake. Choncho zoyenera kuchoka ndi zimenezo, ndipo mitengo ikuluikulu ya makungwa okhuthala, imene imapirira moto wapansi, iyenera kusiyidwa. Munthu akabwera n'kukuuzani kuti adula mitengo yaikulu yokha chifukwa ndi imene ili ndi matabwa, dziwani kuti akuganiza za malonda ake osati za nyumba yanu.

Kumadzulo kwa dziko la United States kuli chitsanzo chabwino. Nkhalango zambiri za paini wa mtundu wa ponderosa zinkapsa pafupipafupi ndi moto wofatsa, woyatsidwa ndi mphezi kapena ndi eni nthaka, ndipo motowo ndi umene unkazipatulira. M'chaka cha 1935 nthambi ya boma yoona za nkhalango kumeneko inalamula kuti moto uliwonse uzikhala utazimitsidwa pofika 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo patapita zaka zambiri nkhalangozo zinathinana moti moto ukabuka unkapsereza zonse. Pamene moto wa Bootleg unawononga dera lalikulu ku Oregon mu 2021, malo a ku Sycan Marsh amene anawapatulira n'kuwatenthanso mwadala ndi moto woyang'aniridwa anapulumuka bwino kuposa amene anangowapatulira.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Mukadula mitengo n'kusiya nthambi ndi nsonga zake zili mbwee pansi, ndiye kuti mwangotsitsira moto nkhuni, ndipo malowo adzakhala oopsa kuposa mmene analili musanayambe. Zodulidwazo muzichotse kapena muziunjike patali n'kuzitentha nyengo ya chinyezi, mutalandira chilolezo kumene malamulo amatero.

Yankho la Mayi Womanga Nyumba

Sindikutsutsa zimene a Mlangizi anena, koma ndikuona kuti ayambira kutali. Nyumba zambiri sizipsa chifukwa chakuti malawi a m'nkhalango azikhudza, koma chifukwa cha mbaliwali zimene mphepo imaziulutsa, nthawi zina mtunda woposa kilomita imodzi, n'kuzigwetsera pamasamba ouma a padenga, pamulu wa nkhuni wotsamira khoma, kapena m'timabowo tolowera mpweya. Jack Cohen, katswiri amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ku United States, anasonyeza kuti kupsa kapena kupulumuka kwa nyumba kumadalira makamaka mmene nyumbayo ilili pamodzi ndi malo oizungulira a mamita pafupifupi 30. M'tauni ya Paradise ku California ndi madera oizungulira, kumene moto wa mu November 2018 unapha anthu 85 ndi kuwononga nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 18,000, m'malo ambiri mitengo inatsala chilili pakati pa nyumba zosanduka phulusa. Nawo moto wa Marshall ku Colorado, mu December 2021, unawononga nyumba zoposa 1,000 ngakhale kuti unadzera mu udzu osati m'nkhalango.

Choncho yambirani pakhoma penipeni. Pa mita imodzi ndi theka kuzungulira nyumba pasakhale chilichonse chotha kuyaka, denga lizisesedwa, ndipo timabowo ta mpweya tiphimbidwe ndi waya wa maso ang'onoang'ono. Mukatha zimenezi m'pamene mungapite kumitengo.

Yankho la Mlangizi Wopuma

Mayi mwanena zoona, ndipo ndavomera kuti ntchito iyambire panyumba. Pa funso la mtunda, lamulo la ku California limafuna kuti mwini nyumba asamale malo a mafiti 100, amene ndi mamita pafupifupi 30, pamene la ku Portugal limafuna mamita 50 kuzungulira nyumba za kumidzi. Boma la Portugal linayamba kulimbikira kwambiri lamuloli pambuyo pa moto wa ku Pedrógão Grande mu June 2017, umene unapha anthu 66, ambiri mwa iwo ali m'galimoto pamsewu pothawa. N'chifukwa chake ndikulangizani kuti mupatulirenso m'mbali mwa msewu umene mumatulukira. M'kati mwa mamita 30 amenewo nthambi za mitengo yoyandikana zitalikirane ndi mamita ngati 3, ndipo nthambi zam'munsi zidulidwe mpaka mamita 2 kuchokera pansi, koma pamtengo waufupi musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Popeza muli pamalo otsetsereka, onjezerani mtundawo kumbali yakumunsi, chifukwa moto umathamanga kwambiri pokwera phiri.

Wokhala M'phiri

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nkhuni zathu zili pakhonde penipeni, ndiye ndiyamba ndi kuzisamutsa. Funso limene latsala ndi lakuti, kodi tikapatulira chaka chino ndiye kuti tathana nazo?

Yankho la Mayi Womanga Nyumba

Ayi ndithu. Pamalo pamene dzuwa layamba kufika, udzu ndi zitsamba zimaphuka mwamphamvu, choncho udzuwo muziutchetcha chaka chilichonse usanaume, ndipo timitengo tatsopano muzitizula tikadali tanthete. Mukakumana ndi anzanuwo, mugwirizanirenso za amene azidzachotsa zodulidwa ndi kumene zizidzapita, ntchito yodula isanayambe.