Mayi akutaya magazi, khanda silikupuma: ndani agwire chiyani?

Wophunzira za uzamba:
Akuluakulu anga pa ntchito, ndikupempha nzeru zanu. Sabata yatha mayi wina anayamba kutaya magazi ambiri atangochira, ndipo khanda lake silinalire. Tinalipo anayi, koma atatu tinathamangira kwa mayiyo, khanda n'kutsala ndi munthu mmodzi wopanda womupatsira chopopera mpweya. Onse awiri anapulumuka, komabe mtima wanga sunakhazikike. Kodi ntchito imagawidwa bwanji pamene miyoyo iwiri ikufuna thandizo nthawi imodzi?

Mzamba wamkulu:
Mwafunsa bwino. Chisokonezo chimenecho chinayamba mayiyo asanachire, chifukwa ntchito imagawidwa anthu akangolandirana wodi, osati magazi atayamba kutayika. Khanda lomwe silikupuma ngakhale lapukutidwa ndi kusisitidwa pamsana liyenera kuyamba kupopedwa mpweya pasanathe mphindi imodzi chibadwire, choncho wolilandira akhale wodziwikiratu, zipangizo zake ataziyesa kale, ndipo asachoke pamenepo ngakhale kwa mayi kutavuta motani. Kwa mayi nako, magazi akafika mamililita 500 manja awiri sakwana. Kuyambira 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti kusisita chiberekero, kubaya oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero), kupereka tranexamic acid (mankhwala othandiza kuti magazi asiye kutuluka), kuika dilipi ndi kufufuza komwe magazi akuchokera zichitikire limodzi, osadikira kuti chimodzi chikanike kaye.

Dokotala:
Ndiwonjezepo za pakamwa. Wotsogolera akhale mmodzi, ndipo akamatuma azitchula dzina la munthu, chifukwa mawu akuti "wina abweretse dilipi" satuma aliyense. Wotumidwayo abwereze zomwe wamva, akamaliza anene mokweza kuti wabaya oxytocin mayunitsi 10, ndipo wina alembe nthawi, pakuti tranexamic acid amathandiza akaperekedwa pasanathe maola atatu mwana atabadwa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mantha a ocheperapo udindo. Ine ndinapulumutsidwapo ndi wokonza m'wodi amene anaona magazi akudontha pansi pa bedi ife tikulemba mafayilo, ndipo akanaopa kundidula mawu, tikanazindikira mochedwa.

Namwino wa usiku:
Adokotala, zimenezo n'zoona, koma zimatheka pamene anthu alipo okwanira. Usiku timakhala awiri, ndipo wotsogolera ndi yemweyo amene dzanja lake lili pa chiberekero. Ife tinagwirizana kuti wothandizira m'wodi ndiye woimba foni, ndipo amadziwa kale kuti ayambe ndi woyendetsa ambulansi, kenako chipatala chomwe tikutumizako mayi, kuti a ku labotale akonzeretu magazi ndipo wopereka mankhwala ogonetsa adzutsidwe ife tisanafike. Kamodzi pa mwezi timayeserera ndi chidole, mlonda ndi dalaivala ali pomwepo. Tsiku loyamba tinapeza kuti kiyi wa kabati ya mankhwala anali m'thumba la munthu amene anali ataweruka kale.