Thandizeni: ndisunge bwanji nyemba kuti zisalimbe kapena kufumbwa?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino nyemba.

Ine ndimakonda kuziphika pang'onopang'ono. Mphika ukamabwata, msuzi n'kumakhuthala, fungo n'kudzaza nyumba yonse, mtima wanga umakhala m'malo ngakhale tsikulo livute bwanji. Ndimakondanso kugula kwa alimi ang'onoang'ono, chifukwa amakuuza mtundu wake ndi nthawi imene anakolola, ndipo ndalamayo imafika m'manja mwa amene anagwira khasu.

Vuto ndi lakuti ambiri amagulitsa nthawi yokolola basi, ndiye ndikufuna kugula zochuluka zoti zindifikitse chaka chamawa. Koma nyemba zikakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi zimalimba. Ungaziviike maola 12, zimakanabe kupsa, moto n'kumangothera pachabe. Pena umamasula thumba n'kupeza timabowo tozungulira pa nyembazo, pansi pali fumbi loyera, anankafumbwe atadya kale zam'kati.

Kodi pogula mumazindikira bwanji kuti zauma mokwanira? Kuluma kanyemba kamodzi n'kumva kuti kathetheka, n'kokwanira? Nanga chidebe chotseka kwambiri, chosalowa mpweya, chimaphadi anankafumbwe popanda mankhwala? Ndikufunanso kumva maganizo anu pa soda: amafewetsa msanga, koma kwa ine amasintha kakomedwe. Tomato ndiye ndimathira zitapsa kale, poti kuwawasa kwake kumachedwetsa kufewa.

Inu amene mumalima, mumakonda kuti wogula alipiretu musanakolole, kapena abwere zitauma? Sindikufuna kumupanikiza mlimi pamtengo ayi.