Ndabweranso pa nkhani ya ng'ombe ndi nyama zakutchire ija

Ndinafunsa ngati kuweta ng'ombe moyandikana ndi nkhalango ya Lengwe ku Chikwawa kuli ndi phindu. Zikomo nonse amene munayankha. Ambiri munatchula afisi, koma pofufuza ndapeza kuti chimene chimaluzitsa mlimi kwambiri ndi njati. Njati zimasunga kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, izo osaoneka kudwala. Ng'ombe zikakumana nazo pomwera madzi m'chilimwe, matenda amabuka, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzisamutsa. Fisi amagwira mwana wa ng'ombe mmodzi, pamene chiletso chimagwira mudzi wonse, ngakhale amene ng'ombe zake zili bwinobwino. Fizi ya ana nkusowa, khola lili lodzaza.

Ubwino ulipo ndithu, koma ndaupeza kwa anzathu a ku Laikipia, ku Kenya. Ku Ol Pejeta, malo otetezera nyama zakutchire kumeneko, ng'ombe za mtundu wa Boran zimadya limodzi ndi mbidzi, usiku nkugona m'makola osunthika otchinga mikango. Ndowe zikasiyidwa pamene panali khola, msipu umamera wobiriwira, ndipo ng'ombe zopita ku dipi zimachepetsa nkhupakupa m'tchire monse. Kungoti kumeneko mwini ng'ombe ndi yemwenso amalandira ndalama za alendo odzaona nyama. Kuno ndalamazo sizifika m'thumba mwa woweta.

Ndiye ine ndasankha kukumba chitsime choti ng'ombe zizimwera pakhomo, katemera osaphonya. Alipo amene akudziwa mtengo wokumbitsira chitsime chakuya cha ku Nchalo?