Makoswe anga a doxorubicin akuchedwa mu water maze, aiwala kapena angofooka?

Thokozani:
Anzanga a m'malabu ndithandizeni. Ndili ndi makoswe magulu awiri, ena ndimawabaya doxorubicin, mankhwala a kemo a khansa, 2 mg/kg kamodzi pa sabata kwa masabata 4, enawo saline (madzi a mchere opanda mankhwala) basi. Patapita masiku 3 chibayireni jakisoni womaliza ndinawaika mu Morris water maze, thanki ya madzi imene khoswe amasambiramo kufunafuna platform yobisika yoti akwerepo, ndiye a kemo akuchedwa kwambiri kupeza platform, ena masekondi 60 amatha mpaka ndichite kuwanyamula ndekha. Supervisor wanga akuti imeneyo ndiye chemo brain, kuiwalaiwala kobwera ndi kemo, tiyambe kulemba, koma ine mtima sukukhazikika chifukwa ndikasuzumira mu keji ubweya wawo wanyankhalala, chakudya akusiya, wina dzulo amangoyandama m'madzi osapalasa n'komwe.

Kondwani:
Achemwali mtima wanuwo ukunena zoona. Masekondi okha sangakuuzeni za kukumbukira, khoswe wofooka achedwa ngakhale akudziwa bwinobwino pamene pali platform. Tsegulaninso mavidiyo mu tracker muone liwiro losambira, kutalika kwa njira imene wadutsa, komanso nthawi imene akumangozungulira m'mphepete mwa thanki. Munapanga ya platform yoonekera ija, yokhala ndi kambendera pamwamba? Akachedwanso pamenepo ndiye vuto ndi mphamvu kapena maso, osati hippocampus, mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira malo.

Thokozani:
Yoonekerayo sindinapange achimwene, ndinathamangira yobisika. Probe trial, ija yochotsa platform n'kuona mbali imene akuifunafuna, ndiye ndinapanga tsiku lomaliza.

Mayi Nankhoma:
Mwana wanga, choyamba uyeze kulemera kwawo lero lomwe, ngati alipo amene watsika kufika pa malire amene munalemba ku komiti ya ethics, malo ambiri amaika 20%, ameneyo asalowenso m'madzi. Doxorubicin amaononga mtima, izi timazidziwa ngakhale mwa odwala, ndiye khoswe wa mtima wotopa kumusambitsa kanayi pa tsiku ukumuzunza komanso data yako ikuonongeka. Ukumbukirenso kuti mankhwala amenewa salowa kwenikweni mu ubongo, blood-brain barrier, chotchinga cha pakati pa magazi ndi ubongo, imawatsekereza. Chimene ambiri apeza ndi chakuti amakweza TNF-alpha, puloteni woyambitsa kutupa m'thupi, m'magazi ndipo iyeyo ndi amene amakafika ku ubongo. Ndiye pa tsiku lachitatu ukuyeza nyama imene thupi lonse likadali pa moto. Madzi ako ndi otentha bwanji?

Thokozani:
Amakhala pa madigiri 21 mayi, m'mawa mwina kutsikirapo pang'ono.

Mayi Nankhoma:
Kweza afike cha ku 25, ndipo uziwapukuta ndi thaulo asanabwerere mu keji. Khoswe woonda amazizidwa msanga kuposa wa saline, kusiyana kwina kukuchokera pamenepo.

Limbani:
Ine ndingati onjezani novel object recognition, ija ya Ennaceur ndi Delacour ya 1988, siifuna mphamvu zambiri, khoswe amangonunkhiza zinthu ziwiri kenako chimodzi mwasintha muone ngati azindikira chatsopanocho. Koma muwerenge nthawi yonse imene wanunkhiza, wodwala amatha kukhala phee pakona ndiye ratio ya nthawi ya pa chatsopano ndi ya pa chakale imakhala yopanda tanthauzo. Pukutani bokosi ndi ethanol 70% pakati pa khoswe ndi mnzake apo ayi azitsata fungo. China, amene amawagwira akhale mmodzimodzi, gulu la Mogil ku McGill linaonetsa mu 2014 kuti fungo la amuna limapatsa mbewa ndi makoswe stress. Ndipo woyang'ana mavidiyo asadziwe kuti uyu wa kemo uyu wa saline, pemphani mnzanu asinthe manambala a makeji.

Chifundo:
Ine nkhani yanga ndi nthawi basi. Mayi anga aang'ono anamaliza kemo ya khansa ya m'mawere, tsitsi linamera, thupi linabwerera, koma patapita miyezi amatereka ndiwo n'kuiwala mpaka poto kupserera, pa chipeleganyu chawo iwo amene ankasunga mabuku anayamba kusokoneza maina a anthu oti akhala nawo zaka. Chimenecho ndi chimene tikufuna kumvetsa, chimatsala munthu atachira. Ndipo nyama zimaonetsa zomwezo, labu ya Mark Noble ku Rochester mu 2008 inapeza kuti 5-FU, mankhwala enanso a kemo, imaononga myelin, chikuto cha mitsempha ya mu ubongo, mwa mbewa mochedwa, kuonongekako kumapitirira miyezi mankhwala atasiyidwa kale. Labu ya Michelle Monje ku Stanford mu 2019 ndi methotrexate, mankhwalanso a kemo, anaona microglia, maselo a chitetezo a mu ubongo, zikukhalabe zolusa kwa nthawi yaitali, maselo opanga myelin osakhwima bwino, ndipo atachotsa microglia zija mbewa zinayambanso kukhoza mayeso. Methotrexate yomweyo ndi imene ana a Burkitt lymphoma amalandira kwathu kuno, kenako amabwerera ku sukulu, ndiye ine sindifuna tizilemba kufooka kwa sabata imodzi n'kumakutcha chemo brain. Dikirani masabata 3 kapena 4 thupi libwerere kaye.

Thokozani:
Ndakhala pa kompyuta usiku onse. A Kondwani munalondola, liwiro la a kemo latsikadi, ndipo atatu amangozungulira khoma. Koma pa probe trial ambiri akukhalabe nthawi yambiri mbali ija munali platform, kutanthauza kuti malo akuwakumbukira. Ndikanalemba zosiyana ndi zimene nyamazi zikuchita.

Kondwani:
Gulu limeneli laphunzira kale thanki ndiye mukadzawabwezera musunthe platform ipite mbali ina muone ngati aphunzira malo atsopano, imeneyo imagwira zinthu zimene yoyamba ija imaphonya.

Thokozani:
Chabwino. Lero ndawayeza, mmodzi wayandikira malire ndamupatula ndipo vet abwera masana. Mawa ndilemba kalata ku komiti kupempha kusintha masiku oyezera ndi kuonjezera open field (yoona mmene khoswe akuyendera m'bokosi lopanda kanthu) ndi novel object, supervisor ndiwaonetsa graph ya liwiro ija Lolemba. Mayi Nankhoma, magazi a TNF-alpha nditenge pano akadali odwala kapena ndidikire tsiku lochotsa ubongo?

Mayi Nankhoma:
Tenga kawiri, pano pang'ono kuchokera ku mchira, kenako pa mapeto. Koma uziikenso m'kalatamo, usawagwire mchira chilolezo chisanatuluke.