Ofufuza sakupeza zikalata mu DSpace yathu, tikonze pati?

Nachisale_Zomba: Akuluakulu, thandizeni. Zikalata zakale za boma zili mu DSpace, pulogalamu yosungira zikalata pa intaneti, koma munthu akalemba "Mangochi" sizituluka. Vuto ndi metadata (zofotokoza chikalata, monga mutu, wolemba ndi deti) kapena makina ofufuzira?

Mlongoti: Mayi, yambani mwaona mawu amene anthu amalemba pofufuza, makamaka amene sabweretsa kanthu. Ambiri amalemba mawu awiri kapena atatu basi, ndipo sapitirira tsamba loyamba. Chikalata cha nthawi ya atsamunda chimati Fort Johnston, dzina lakale, wofufuza akuti Mangochi. Chimodzimodzi Port Herald ndi Nsanje. Mutu wa chikalata musausinthe, ukhale monga ulili pa chikalatacho. Mayina onse awiri alowe mu dc.coverage.spatial, gawo la metadata lolembamo malo, lililonse pamzere wake. Zikalata zikakhala zambirimbiri, lembani mayinawo mu synonyms.txt, fayilo ya mawu ofanana tanthauzo ya Solr, makina ofufuzira a DSpace.

Chisale_K: Onaninso ngati ma PDF anuwo si zithunzi chabe. Yesani kukopera mawu patsamba. Zikakanika, ndiye kuti mulibe mawu. Lamulo la pakompyuta la DSpace lotchedwa filter-media limangotola mawu amene alimo kale, silichita OCR (kusandutsa zolemba za pachithunzi kukhala mawu). Apititseni kaye mu OCRmyPDF, pulogalamu yochita OCR, muwakwezenso, kenako muyendetse filter-media ndi index-discovery, lamulo lolowetsa mawuwo m'makina ofufuzira. Zotayipidwa pa tayipi yakale zimatuluka ndi zolakwika zambiri, choncho dc.description.abstract, chidule cha chikalata, muzilemba pamanja.

Mlongoti: Chinanso, mayina a olemba. "Banda, J." ndi "J. Banda" makina amawatenga ngati anthu awiri. Sankhani kalembedwe kamodzi, mutulutse zonse mu CSV (fayilo ya tebulo), mukonze ndi OpenRefine, pulogalamu yokonzera deta. Deti likhale 1953-08-01 kapena 1953 yokha, osati "Ogasiti 53".

Nachisale_Zomba: Zikomo abambo. Nanga zolembedwa m'Chinyanja, mu dc.language.iso, gawo la chinenero, tiikemo chiyani?

Chisale_K: Ikani ny. Imagwira Chichewa ndi Chinyanja chomwe.