Chakudya chamadzulo pa bala yakale ku Mangochi Boma: tifike nthawi yanji, tioda bwanji?

Mlendo wa ku Zomba

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Lachisanu likubwerali tikhala ku Mangochi anthu asanu ndi mmodzi, tigona pafupi ndi Boma pomwepo. Za kumahotela a kunyanja ku Nkopola kapena ku Monkey Bay ayi. Tikufuna bala yakale ya m'dera, ija ya mipando pakhonde ndi chiwaya panja, tidye chambo ndi nsima kenako timweko pang'ono. Mwa ife awiri samwa mowa, ndipo mmodzi mwa awiriwo ndi Msilamu. Tifike nthawi yanji kuti tisapeze nsomba zatha? Nanga tisamale chiyani?

Wa ku Mpondasi

Achimwene, choyamba dziwani kuti pa bala zakalezi bala ndi ina, khitchini ndi ina. Nthawi zambiri mwini bala amangogulitsa zakumwa, ndiye kuseri kapena pambali pamakhala mayi wophika kapena mnyamata wa chiwaya amene ali ndi bizinesi yakeyake. Ameneyu sasunga nsomba zambiri. Amagula m'mawa zomwe akuyembekeza kugulitsa tsiku lomwelo, chifukwa magetsi akazima kunja kukutentha chonchi, nsomba yotsala ndiye kuti waluza. Mukangotulukira anthu asanu ndi mmodzi cha m'ma 8 koloko usiku, mupeza nsomba ziwiri kapena tchipisi chokha.

Tumizani munthu mmodzi cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana akalankhule ndi wophikayo. Anene chiwerengero cha anthu, nthawi yodyera, ndipo asiye theka la ndalama. Nonse mufike cha m'ma 6 dzuwa likulowa.

Nsombayo muione isanapite pamoto. Maso akhale owala osati otuwa kapena olowa m'kati. Tukulani kuseri kwa mutu komwe imapumira, kukhale kofiira, osati kotuwa kapena kotereka. Dinikizani chala pamsana: mnofu wabwino umabwerera msanga, wogona umatsala ndi chibowo. Mimba ikakhala yofewa ngati yaphulika, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Funsaninso kuti ndi chambo chenicheni kapena makumba. Makumba ndi nsomba yabwino ndithu, koma mtengo wake si wa chambo, ndipo alendo ambiri amalipira mtengo wa chambo osadziwa. Chambo chinachepa kwambiri ku Malombe ndi kum'mwera kwa nyanja kuno, ndiye chikasowa musaumirire. Kampango wowotcha ali ndi mnofu wambiri, minga yochepa, chidutswa chimodzi chachikulu chimakwana munthu. Mcheni nawonso pamakala umakoma kwabasi.

Pa kuchuluka: chambo chapakatikati chimodzi munthu mmodzi, chachikulu kwambiri anthu awiri. Chokazinga m'chiwaya chimatenga mphindi 15 kapena 20, chowotcha pamakala chimafuna theka la ola. Uzani wophika acheke mizere itatu mbali iliyonse mpaka pafupa ndi kuthiramo mchere ndi mandimu. Akapanda kutero, khungu limapserera pomwe m'kati pafupa mudakali magazi. Yang'ananinso mafuta a m'chiwaya. Akada ngati khofi ndiye kuti akhalitsa, nsomba imatuluka yowawa ndi fungo la zonse zomwe zinakazingidwamo dzulo. Zikatero sankhani zowotcha.

Nsima aphike pomaliza, nsomba zitatsala pang'ono kupsa. Mitanda iwiri pamunthu, musaiwale supu wa tomato ndi anyezi poti nsomba yowotcha payokha ndi youma, masamba a mpiru kapena nkhwani pambali. Tsabola wa kambuzi abwere padera.

Chinanso ndi nyengo. Mwera ukamawomba, makamaka Juni mpaka Ogasiti, asodzi ambiri salowa m'madzi ndipo nsomba zimakwera mtengo. Usipa nawo amaupha usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukakhala wowala kwambiri umasowa. Kuyambira Novembala nyanja imatsekedwa kwa makoka ena kuti chambo chiswane, nthawi imeneyo musagule chambo chaching'ono kapena cha mazira.

Mkulu wa Bawo

Za nsomba anena bwino awa, ine ndionjezere za zakumwa, chifukwa mikangano ya pa bala imayambira pa bilu.

Musatsegule ngongole yoti mulipira pamapeto. Anthu asanu ndi mmodzi, phokoso la wailesi, wina waitanitsa ali pa pool, wina wagulira mnzake amene mwangokumana naye, pofika 10 koloko palibe akukumbukira chiwerengero. Lipirani raundi iliyonse ikangofika. Ngati mwafunabe kulipira pamodzi, pemphani kireti yopanda kanthu ikhale pansi pa tebulo lanu, botolo lililonse lotha lilowe momwemo, ndipo asachotse ngakhale limodzi mpaka muwerengere limodzi ndi wogulitsa. Mabotolowo ndi ake, amabweza kukampani, ndiye musatuluke nawo osagwirizana naye.

Botolo alitsegulire pamaso panu. Ligwireni kaye lisanatsegulidwe, pakuti likatsegulidwa simungabweze. Magetsi akakhala kuti anazima masana, pamwamba pa firiji pamakhala mowa wofunda, wozizira uli pansi, ndiye nenani kuti akutengereni wapansi. Green, Special ndi Kuche Kuche simungazisowe. Special ndi yamphamvu kuposa zinazo, ndipo Mangochi ndi kotentha, thukuta limakhala likutuluka kale, choncho imagwira msanga. Idyani kaye, ndipo pakati pa mabotolo awiri alionse mwani madzi. Gulani madzi a m'botolo losatsegula, malita awiri kapena atatu pa tebulo lonse.

Malawi Gin kapena brandy muziona botolo lomwe akuthirako. Mowa wothira kuchokera m'chigubu chopanda dzina ayi, ngakhale utchipe bwanji, simudziwa chomwe anasakanizamo. Chibuku chimapezeka kwambiri kuthaveni, bala zambiri za mabotolo sizisunga.

Tengani ndalama zapamanja zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba ambiri amalandira, koma netiweki ikavuta usiku mukhala pamenepo mpaka kalekale, komanso wophika ndi wa bala mumawalipira payekhapayekha.

Mayi a pa Msika

Bambo a ku Zomba, nkhani ya mnzanu Msilamuyo musaitenge mopepuka. Mumufunse kaye ngati ali womasuka kukhala pa malo omwera mowa, chifukwa ena amakana ngakhale atamamwa Fanta. Ngati akukayika, idyani nonse pamodzi ku resitiranti ya pafupi ndi msika kapena kumbali ya khitchini, iye akapume, otsala mupitirize.

Akavomera, funsani wophika mafunso awiri. Nyama ya mbuzi kapena nkhuku ndi yozinga? Kuno Asilamu ndi ambiri ndiye nthawi zambiri imakhala yozinga, komabe funsani. Lachiwiri, pa chiwaya kapena pa waya wowotchera pamenepo pamapitanso nkhumba? Bala zina zimagulitsa kanyenya wa nkhumba, ndipo mpeni, thabwa ndi mafuta zimakhala zomwezo. Zikakhala choncho, ngakhale nsombayo sadya.

Pano ndisiyane pang'ono ndi a ku Mpondasi: 6 koloko ndi nthawi ya udzudzu, ndipo pafupi ndi Shire ngwochuluka zedi. Valani thalauza ndi malaya a mikono yaitali, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu m'mapazi ndi m'khosi, kapena khalani m'kati momwe muli fani mpaka chakudya chifike.

Mlendo wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Nanga pobwerera? Tili ndi galimoto imodzi, ndipo tigona tsidya lina la mlatho wa Bakili Muluzi.

Mkulu wa Bawo

Makiyi apatseni mmodzi mwa awiri osamwawo musanayambe, ngati ali ndi laisensi. Msewu wa pamlathopo usiku umadzaza ndi njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda pansi, ayende pang'onopang'ono. Ngati palibe woyendetsa, siyani galimoto kogona, mugwirizane ndi akabaza kudakali kowala, mutenge manambala awo ndi kumvana mtengo wopita ndi wobwerera. Njinga yamoto imodzi munthu mmodzi. Ndipo wina asatsikire kumtsinje usiku kukasamba kapena kutaya madzi, mu Shire muli ng'ona ndi mvuu.